Madzi Otuluka Okha

"Auzeni inuyo, bambo a Wulan. Si bambo anu kodi? Ine ndikalankhula amangosisita tambala wawoyo, ngati pakudutsa mphepo."

Ameneyo anali Sukerti, mkazi wa mwana wanga Darma. Anali pakhonde, akuluka timbale ta nsembe ndi masamba a kokonati. Manja ankathamanga, pakamwa pankathamanganso. Ine ndinali pansi pa nkhokwe ya mpunga yopanda kanthu, tambala ali pamiyendo. Ndinkamva zonse.

"Ndawauza kale," anatero Darma akuvula nsapato za kuntchito.

"Ati chiyani?"

"Ati ayi."

"Ayi basi?"

"Mukuwadziwa. Ayi mmodzi kwa iwo ndi msonkhano wathunthu."

"Ndiye inu mwakhutira? Mwezi ukubwerawu mudzi wonse ukufukula akufa ake kuti mafupa alowe pamoto. Khomo lililonse lakonzeka. Ine zala zachita matuza ndi kuluka, nkhumba yanga inapita, nsalu yoyera tagula. Lero ati Meme sawafukula. Mayi anu akhala m'dothi nthawi yonseyi kudikira moto umenewu. Akauphonya, wina ndi mpaka zaka zisanu. Tayang'anani mawondo a bambo anuwo, mundiuze ngati adzakhalapo."

Sananame. Mawondo anga ndimawadziwa.

Kwathu kuno ku Bali mafupa sapita pamoto asanasambitsidwe ndi madzi a ku Beji, kasupe wa pansi pa kachere kumunsi kwa mudzi. Mwana akabadwa, madzi oyamba kumugwera pamutu ndi amenewo. Akamachoka, omaliza ndi omwewo. Ndipo amayenera kukhala otuluka okha m'nthaka. Madzi okoka ndi chingwe kapena ndi makina ndi akumwa ndi ochapira. Kasupeyo anaphwa chilimwe chatha, mwezi umene hotela ya pamtunda inabowola chitsime chake chachiwiri. Woyang'anira pampu ya chitsimecho ndi maiwe osambiramo alendo anali Darma.

Anabwera n'kukhala pansi pafupi nane.

"Bapa, madzi ndi amodzi omwewo. Ndimawaona m'mawa uliwonse. Akuchokera pansi pa kachere pomwepo, angosintha njira. Mawa ndikhoza kubwera ndi chigubu chodzaza, ndisanathiremo mankhwala."

"Okokedwa," ndinatero.

"Chabwino. Nanga a kuphiri? Wansembe wathu Mangku Sadra avomera kuti tikatunge pa kasupe wa mudzi wa kuphiri kuja. Amenewo ndi otuluka okha. Mabanja ena onse agwirizana nazo."

"Amako sawadziwa."

Sukerti anaseka, koma si kuseka kwa chimwemwe.

"Mwamva? Sawadziwa. Madzi ali ndi nkhope masiku ano, amapatsana moni ndi akufa. Bapa, pepani, koma ife amoyofe tikumwa a m'thanki ya galimoto. Sitidziwa kwawo, sitidziwa mayi wawo, koma sitinafe."

"Mayi a Wulan, pang'onopang'ono," anatero Darma.

"Pang'onopang'ono ndi amene anaumitsa chitsime cha pakhomo pano. Msewu ukubwera akuluakulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame ake ati omwa kasupe mpaka kugwa mphwayi? Ine sindikukana kuti kwalakwika. Koma madzi akatayika sawoleka. Tiwaotche Meme ndi zimene zilipo."

Ndinavundikira tambala ndi dengu lake n'kulowa m'nyumba.

M'mawa ndinatenga tsache ndi chitsulo chokumbira. Rempi, mkazi wanga, ndiye ankasesa pa Beji. Palibe anamutuma. Ankati madzi sakonda kutulukira pa zinyalala. Atamwalira, tsache linatsala kuseri kwa chitseko, ndipo ndinalitenga ine.

Milomo ya miyala imene inkalavula madzi inali gwa. M'kamwa mwa umodzi kangaude anali atamanga. Amayi ankaikabe timaluwa ndi lubani pamwala, koma posambira pankangouluka fumbi. Ukaika khutu pathanthwe unkamva pampu ikung'ung'udza pansi, ngati njuchi zili m'phanga. Ndinasesa, kenako ndinayamba kukumba m'munsi mwa mizu.

Mangku Sadra, wansembe wa kachisi wa mudzi, anandipeza thukuta lili kamukamu. Tinakulira limodzi, tinkaweta abakha m'minda ya mpunga tili ana.

"Rauh, ukumba mpaka utulukire m'dziwe la alendo? Umange bwino nsaluyo, ukatulukira akujambula."

Anakhala pamuzu n'kuyatsa ndudu.

"Mtengwa wako anabwera kwathu dzulo. Analankhula mpaka agalu anathawa pakhomo. Koma pakati pa phokosolo muli zoona. Rempi watopa ndi dothi."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwanso kuti ine sindifuna mtsuko wodzaza. Madzi oyera sayezedwa ndi mtsuko. Odzaza chigoba cha kokonati, ngakhale theka, ndikawathira mumphika waukulu wa madzi wamba, onse asanduka oyera. Ndisambitsa akufa onse a mudzi uno, otsala n'kuwaza amoyo. Koma theka limenelo lili kuti? Ndapemphera mpaka mawu kusasa. Mwini kasupe sanachoke, Rauh. Akumuyamwa ndi paipi."

"Tikawauze a kuhotela azimitse pampu."

"Tinapita. Iwe sunabwere, unali ndi tambala. Anatilandira bwino, tiyi, makeke. Anatipatsa thanki yapulasitiki ija ili pabwalo, yolembedwa dzina lawo. Tinaomba m'manja. Ine ndemwe ndinaidalitsa." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Walira mvula walira matope. Theka la mudzi likudyera kumeneko. Mdzukulu wanga amanyamula zikwama za alendo. Ndikakweza mawu ndiye kuti ndaponda mbale yake."

"Ndipita ndekha."

"Iwe? Ukanena chiyani? Mawu ako onse a chaka chatha sangadzaze chigoba chomwecho."

Ndinapitabe. Darma sanafune, koma ananditenga panjinga yamoto. Atakhotera ku chipata cha antchito ndinatsika n'kukalowera cha kutsogolo. Ndinali nditavala zoyera za kukachisi. Mlendo wina wamkazi, wofiira ndi dzuwa, anandijambula, n'kundiweramira manja ali pamodzi. Anali waulemu.

Ndinali ndisanalowemo chimangireni. Chipinda chilichonse chili ndi dziwe lake. Madzi amasefukira m'mphepete osalekeza, kuti aoneke ngati akugwera m'chigwa. Pa kapinga timipopi tinkazungulira tokha, kuthirira udzu umene palibe ng'ombe idzaudye.

Woyendetsa hotela anali Mayi Lestari, wa kumzinda wakutali wa Surabaya. Sanali munthu woipa. Anaimirira pondilandira, anandipatsa mpando, anaitanitsa madzi. Darma anaima kukhoma, maso pansi.

"Bambo, nkhani ya mayi ndaimva, ndipo yandikhudza," anatero. "Ifetu timalemekeza miyambo ya kuno. Alendo athu amabwera ku Bali chifukwa cha miyambo imeneyi. Ndipo za chilengedwe timasamala kuposa anzathu onse. Mapulasitiki tinaletsa. Timapempha alendo kuti asamasinthe matawulo tsiku lililonse, kuti tisunge madzi. Ndiuzeni, tingathandize bwanji?"

"Zimitsani pampu. Masiku ochepa."

Anapuma mozama.

"Zimenezo zokha ndiye zovuta. Nyengo ino zipinda zonse n'zodzaza, ndipo kukubwera ukwati wa anthu ochokera kutali. Eni ake ali kunja. Ine ndine wantchito, chimodzimodzi Darma. Komanso amene anabowola anati chitsime chathu n'chakuya kwambiri, sichikhudzana ndi kasupe wanu. Mwina ndi chilala. Koma galimoto yokatunga madzi kuphiri tipereka ife. Mpunga wa patsikulo tiperekanso. Ndipo ngati banja lingalole, alendo athu ena angakonde kudzaonerera mwambowo. Adzavala moyenera."

Mtsikana anabwera ndi tambula. Munali madzi ozizira ndi kachidutswa ka nkhaka. Ndinamwa pang'ono. Pansi pa fungo la nkhaka panali kukoma kwa mwala ndi mizu ya kachere. Ndinabweza tambula patebulo, ndinathokoza, ndinatuluka.

Panjira Darma anaimitsa njinga pamlatho. Sanatembenuke.

"Madzi aja munawadziwa, Bapa?"

"Ee."

Analizanso njinga.

Masiku otsatira Darma ankadya mongotola. Amuna a mudzi anali pabwalo kupala nsungwi ndi kusema mabokosi ootcheramo mafupa, koma iye akaweruka ankangokhala pampanda kuyang'ana kumtunda. Sukerti anaona. Tsiku lina madzulo, tili pa mpunga, anaika mbale pansi mwamphamvu.

"Wulan, tenga mbale yako ukadyere kwa azakhali ako." Mwana atatuluka anatembenukira kwa mwamuna wake. "Nenani. Mukuganiza chiyani za pampu ija?"

"Palibe."

"Palibe wanuyo ndimamudziwa. Munayamba liti kufunsa anthu kuti zitsulo za pampu zimatenga masiku angati kuchokera ku Surabaya? Mkazi wa mlonda wandiuza kumsika. Mukufuna muizimitse munene kuti yafa."

"Ndangofunsa."

"Galu wamkota sakandira pachabe. Bambo a Wulan, mukagwidwa ndiye kuti yatha. Ndipo mbiri imayenda. Palibe hotela ya m'chigwa chino idzakulembeni. Munda tilibe, mpunga wa m'mbalemu ndi wogula, madzi ndi ogula. Wulan adzadya mwambo? Adzavala utsi kusukulu?"

"Ndi mayi anga."

"Ndi anganso. Kapena mwaiwala amene ankawatembenuza pamphasa? Amene ankawasambitsa atalephera kudzuka? Inu munali ku maiwe anu, kusefa masamba kuti alendo asapondepo. Ine ndinkawapukuta msana, iwo akundinena kuti manja anga ndi okhakhala ngati a mwamuna. Musandiuze za mayi anu ngati ine ndinabwera dzulo."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu n'kuyang'ana ine.

"Bapa, ndi inu. Mukufuna mwana wanu aotche ntchito kuti inu muotche mafupa."

"Sindinamupemphe."

"Simupempha ndi pakamwa inu. Mumapempha ndi msana. M'mawa uliwonse mukutsika ndi chitsulo chija, mawondo akulira, mudzi wonse ukuona. Akuti Darma akusambitsa alendo m'madzi a mayi ake, bambo ake akukanda thanthwe ngati nkhuku. Mwana wa munthu angapirire zimenezo? Mungoti ee, Bapa. Liwu limodzi, mumawakonda mawu amodziamodzi. Mungoti ee, a kuphiri ali bwino, tonse tigone."

Ndinayesa. Ndinaganiza za Rempi ataima pakhomo la kumene akupita, atanyowa ndi madzi achilendo, makolo akumununkhiza n'kufunsana kuti uyu ndi wa kuti. Mwina sizichitika choncho. Mangku amadziwa zambiri kuposa ine, ndipo anavomera. Koma liwulo linakana kutuluka.

"Akhale," ndinatero. "Ndidzagona pambali pake. Mudzatiotcha limodzi."

"Ndi madzi ati?" anafunsa Sukerti. "Zaka zisanu zikubwerazo mahotela adzakhala achepa?"

Darma anadzuka, anasamba m'manja ndi timadzi ta m'kapu, anatuluka.

"Mapanga awiri avumbwitsa," Sukerti anamuuza kumsana. "Musankhe limodzi."

Patapita masiku angapo ndinatsika ku Beji monga mwa nthawi zonse. Ndinasesa. Ndili pakati posesa ndinaona kuti china chake chasowa. Ndinkamva masamba akugwa. Ndinkamva njiwa kutsidya. Ndinaika khutu pathanthwe. Njuchi zija kunalibe.

Masana magalimoto a mathanki anayamba kukwera kumtunda, kutsogozana, akuthira fumbi pa nsembe zimene amayi anayanika m'mbali mwa msewu. Madzulo Darma anabwera, anavula nsapato.

"Pampu yafa," anatero, osayang'ana munthu. "Chitsulo chake chichokera ku Surabaya."

Sukerti anapitiriza kusenda anyezi. Kukhala chete kwa Sukerti kunandiopsa kuposa mawu ake.

Ndinayamba kukhala pa Beji kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chitsulo ndinachisiya kunyumba. Ndinatenga chigoba cha kokonati chatsopano, ndinachipala bwino, ndinachiika pansi pa mlomo wa pakati. Tsiku loyamba kunalibe kanthu. Lotsatira chimodzimodzi. Mangku Sadra ankabwera, kugwira mwala, kupukusa mutu.

"Nthaka ili ndi ludzu lake," anatero. "Iyamba yamwa yokha isanatipatse. Mwana wako angainamize mpaka liti hotelayo?"

"Pampu yafa."

"Ee, yafa. Nanenso mano anga onse alipo."

Mawa lake m'kamwa mwa mwala munada ndi chinyezi. Ndinalowetsamo chala, chinatuluka chozizira. Kangaude anali atasamuka. Sindinauze munthu.

Masana Sukerti anatsika ndi mpunga wokulunga m'tsamba la nthochi. Anauika pambali panga, anaima manja m'chiuno, kuyang'ana mwalawo. Dontho linali litatupa pamlomo. Linakhala, linakhala, kenako linagwa m'chigoba. Tinalimva tonse awiri.

"Amenewa ndiye madzi otidyera ntchito?" anatero. "Mwana wakhanda amakodza oposa apa."

Koma sanachoke. Anakhala pansi, anapinda miyendo. Dontho lina litagwa anati, "Meme ankati madzi a pano amakoma m'mawa. Ine ndinkati madzi ndi madzi. Ankanditcha mlendo wa kugombe wosadziwa kulawa." Patapita kanthawi anawonjeza, "Mayi Lestari aitanitsa mmisiri wa m'tauni, ku Denpasar. Atopa kudikira Surabaya, ukwati wayandikira. Afika mawa."

"Darma akudziwa?"

"Ndi amene wandiuza. Ndamuuza kuti akaiyatse lero, anene kuti waikonza yekha, amuyamikire. Wati ayi. Ayi mmodzi. Magazi ndi oipa, Bapa."

Ndinayang'ana m'chigoba. Pansi pokha ndi pamene panali ponyowa.

Ndinachisiya pomwepo, nditachitchinga ndi tsamba kuti musagwere zinyalala. M'mawa ndinapeza madzi afika ngati pa mfundo ya chala. Madontho anali atayamba kutsatana msanga. Sukerti anabweranso, ulendo uno wopanda chakudya. Tinakhala. Mayi wina wodutsa anaona, anathamanga kumudzi, ndipo posachedwa anthu anaima pamasitepe a miyala, chete, ngati pali wodwala. Nkhalamba ina, imene mwamuna wake ankafukulidwanso, inayamba kulira motsitsa.

Dzuwa litafika pamutu, thanthwe linanjenjemera pansi pa phazi langa. Njuchi zinabwerera.

Madontho sanasiye pomwepo. Anapitirira, akuchedwerachedwera, ngati munthu wopuma komaliza. Lomaliza linatupa pamlomo koma silinagwe. Mwala unalimwanso.

M'chigoba munali pafupifupi theka.

Darma anatsika masitepe atavala malaya akunyumba. Yunifolomu ndi nsapato anali atazisiya kumtunda. Anthu anamupatukira. Anasuzumira m'chigoba.

"Ndi omwewa?"

"Akwana," anatero Mangku Sadra.

"Mmisiri sanachedwe n'komwe," Darma anauza mkazi wake. "Anangotsegula bokosi n'kulumikiza waya. Mayi Lestari anandifunsa kuti bwanji sindinawauze zoona. Ndinati Bapa anakuuzani. Analira, mukudziwa? Akulemba zondichotsa, akulira."

"Misozi yawoyo akanatipatsa tithire m'chigobamu," anatero Sukerti.

Ine masitepe amandivuta, ndipo Mangku anali ndi ndodo. Sukerti ndiye ananyamula chigobacho. Anachikulunga ndi nsalu yoyera, anachisenza pamutu, anakwera masitepe pang'onopang'ono, khosi lili chilili. Anati adutsira kunyumba akasinthe nsalu, sangalowe m'kachisi ndi zovala za kukhitchini. Madzulo anakachipereka kwa Mangku.

Tsiku lofukula, ine ndi Darma tinakumba tokha. Dothi linali louma mpaka pansi. Rempi anali wochepa kuposa mmene ndinkamukumbukira. Tinatola zonse, ngakhale tizala, n'kuziyala pansalu. Mangku anathira madzi a m'chigoba mumphika waukulu, anapemphera, analiza kabelu kake. Kenako mabanja anabwera ndi zikho, ndipo aliyense anatunga. Amene anayamba kuvomera madzi a kuphiri anali patsogolo pamzere. Sindinawanene.

Ndinasambitsa mutu ndine. Madzi analowa m'fupa ngati mmene amalowera m'munda wongolimidwa. Ndinafuna kumuuza kanthu. Pa moyo wathu wonse iye ndiye ankalankhula, ine n'kumamva. Ndinangoti, "Ndi a kwanu."

Tsiku la moto alendo anabwera, atamangidwa nsalu zobwereka m'chiuno. Anaima kuseri kwa chingwe, mafoni m'mwamba. Ena ankapukuta misozi. Mmodzi anafunsa Darma ngati angajambule pafupi, ndipo Darma anamuyankha m'chilankhulo chawo, mwaulemu, monga anazolowera. Mayi Lestari anatumiza matumba a mpunga aja. Iwo anaima patali, pansi pa mtengo, ndipo anachoka moto usanazime. Phulusa tinakalitaya kunyanja.

Mudzi unabwerera ku ntchito zake. Kubwalo anakambirana zoti pasabowoledwenso chitsime china popanda mudzi kuvomera. Analankhula ambiri. Ena anati tikawopseza alendo tidzadya miyala. Anagwirizana kuti adzakambirananso. Pa msewu wa kumtunda anthu ena ayamba kale kuyeza munda wina ndi zingwe.

Darma anayenda m'mahotela a m'chigwa. Kulikonse ankamuuza kuti adzamuitana. Pamapeto pake anapeza ntchito yonyamula simenti ku Denpasar, kumene akumanga hotela ina. Amabwera pakutha pa sabata, manja atang'ambika. Sanandinenepo kanthu. Nanenso sindinamuuze kanthu. Tambala ndinamugulitsa, ndalama ndinaika pansi pa mbale ya Sukerti. Sanazitchule.

M'mawa wina, nditatenga tsache, Sukerti anandiitana.

"Bapa, tabwerani kuno."

Anali pa kachisi wa makolo wa pakhomo pathu, kumene dzina la Rempi tsopano limatchulidwa pamodzi ndi ena. Anakwera pachitsa, anapisa dzanja kuseri kwa nsalu, anatulutsa kabotolo kakang'ono. Ndinakadziwa. Kanali ka mankhwala a m'maso a Rempi. Anali atakatsuka, atakamata pakamwa ndi phula. Munali madzi.

"Tsiku lija sindinabwere kudzasintha nsalu yokha," anatero. "Ndinapungulako pang'ono. Mangku anaona kuti achepa, koma anangondiyang'ana. Awa ndi anu. Tsiku lanu likadzafika sindikufuna wina adzazimitsenso pampu. Tilibenso ntchito ina yoti tiotche. Ndipo mukadzafika kumeneko ndi madzi achilendo, Meme adzati ndine ndinakusambitsani mosasamala."

Ndinakagwira. Sikankalemera kanthu.

"Nanga iwe?" ndinafunsa. "Darma? Wulan?"

Anakalanda m'manja mwanga, anakabwezera kuseri kwa nsalu, anatsika pachitsa.

"Ife tidzasamba a m'thanki, Bapa. Amatidziwa."

Kumsewu galimoto ya madzi inaliza hutala. Sukerti anatola zigubu ziwiri pakhomo. Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinamulanda chimodzi, tinapita kukaima pamzere.